Chifuwa Chobwereka

Munthu amene ndamuchitira nsanje moyo wanga wonse ndi mkulu wanga Fabiano. Anagona kalekale kumanda a kwathu ku Kasenengwa, ndipo pamanda pake panamera ndi mtengo womwe. Koma ine kuno ku Nabvutika, ndi imvi zanga zonsezi, ndikamukumbukira mtima umanditenthabe.

Fabiano anali mwana wa atate aakulu, ndiye kwathu kwa Angoni ameneyo ndi mkulu wako weniweni. Tinakulira pa khola limodzi. Iye anali chimunthu chachitali, chifuwa ngati chitseko, akaseka ankamveka kutsidya kwa dambo. Ine ndinali kamunthu kouma kodziwa kuwerenga basi. Tsiku lina kubusa anandikweza pa nkhunzi yaing'ono kuti aone ngati ndine mwamuna. Nkhunziyo inanditaya pachulu, fupa lopingasa pansi pa khosili n'kuthyoka. Anandibereka mpaka kumudzi. Kumeneko ine wothyoka fupa anandikalipira kuti ndine wopusa, iye wondikweza uja anamutamanda kuti ndi mwana wachifundo. Fupalo linalumikizana lokha, koma linasiya mfundo imene ndimaikhudza mpaka lero ndikamamanga batani la shati. Zanga ndi Fabiano zinkayenda choncho nthawi zonse.

Tinachoka kwathu Chitaganya chitangoyamba, anyamata onse akuthamangira ku Halale. Lole tinakakwerera ku Fotijemisoni, kumene tsopano mumati Chipata, kumunsi kwa masitolo a Amwenye. Tsiku limenelo Sesiliya, mtsikana wa mudzi woyandikana ndi wathu amene ndinkaimba naye kwaya ku mishoni, anali atabwera m'tauni ndi amayi ake kudzagulitsa mtedza. Anandiona ndili pamwamba pa katundu, n'kundiponyera mtedza wokazinga womanga m'kansalu.

"Mukadye m'njira," anatero. "Koma musakatchone monga ena."

Ndinali ndisanamuuzepo kanthu. Ndinkati ndiyambe ndapeza jekete ndi nsapato kuti mawu anga akalemere. Paja Zengerezu analinda kwawukwawu. Mtedzawo Fabiano anadya wambiri tisanaoloke n'komwe Zambezi, ndipo kansalu kaja anakasandutsa kopukutira thukuta.

Ntchito tinakaipeza pa mgodi wina wa golide, kupitirira Halale. Kumeneko aliyense wochokera kumpoto kwa Zambezi ankangomuti Mnyasa, ngakhale uwauze bwanji kuti kwanu ndi kwina. Anativula malaya pamzere. Dokotala anamenya Fabiano pachifuwa ndi chikhatho ngati munthu wogula ng'ombe, n'kugwedeza mutu mokondwa. Atafika pa ine anaseka, nati chifuwa changa n'cha nkhuku, pansi pa mgodi sichingapirire. Mzere wonse unaseka, ndipo amene anaseka kuposa onse simungamufunse. Fabiano anatsika pansi kukagwira makina obowola mwala. Ine anandipatsa tsache la m'chipatala.

Tsache lomwelo linandifikitsa ku chipinda cha ekisire, kumene ankajambula mafupa a anthu. Woyang'anira anali mzungu wamkazi wosaseka amene tinkangomuti Sisita. Anali waukali, koma ntchito sankabisa. Ataona kuti manambala ndimawerenga osalakwa, anandilanda tsache n'kundiveka epuloni ya mtovu, yolemera ngati chikopa chachiwisi.

Ntchito yake inkayenda motere. Munthu ankavula malaya n'kutsamiritsa chifuwa pa mbale yachitsulo yozizira momwe munali filimu, chibwano m'mwamba, manja m'chiuno, mapewa patsogolo. Pakona pa mbaleyo tinkamatapo nambala yake ya ntchito, timanambala tamtovu, kuti ituluke pa chithunzi. Ndiye ine ndinkakuwa m'Chinyanja, m'Chizezuru kapena m'Chilapalapa kuti, "Kokani mpweya! Gwirani pomwepo!" Makina ankalira kamodzi, basi kwatha. Ndikatero ndinkalowa ndi filimuyo m'chipinda chamdima, momwe munali kanyale kofiira ndi fungo la mankhwala lonunkha ngati viniga, n'kuiviika. Nthiti zinkatuluka pang'onopang'ono. Tsiku loyamba ndinachita chizindikiro cha mtanda. Patapita nthawi maso anazolowera. Mapapo abwino amaoneka akuda bii, mtima n'kuoneka woyera, wopendekera mbali imodzi. Koma munthu amene wadya fumbi la mwala kwa nthawi yaitali, mapapo ake amakhala ndi timadontho toyera, ngati wina wawazapo ufa. Dokotala akaona ufa umenewo, munthu ankamuchotsa ntchito ya pansi n'kumupatsa tikiti ya kwawo.

Ntchitoyo ndinkaikonda, ndisaname. Kapitawo wokuwa, mlaliki, wakuba nkhuku, onse akaima pa mbale yanga ankamvera mawu anga, ndipo m'kati mwawo munali nthiti zofanana. Koma m'komboni anthu ankaiopa. Ankati makina amenewo amapsereza mbewu ya mwamuna, ndipo wogwira nawo ntchito sangabereke. Amene ankaikonda nkhaniyi kuposa onse anali Fabiano. Kumowa ankandikoka phewa n'kukuwa kuti, "Mng'ono wanga uyu ni dokotala, koma mkazi musamupatse, makina anamuotcha!" Anthu ankagwa nazo ndi phwete. Akatero ankandigulira mowa. Nthawi yozizira tinkafunda bulangete limodzi, ndipo munthu wina atanditchula mfiti yoona m'mimba mwa anthu, Fabiano anamugulula dzino. Munthu wotere kumuda sungathe, koma kumukonda osapsa mtima sungathenso.

Woyamba kupita kumudzi pa tchuthi anali iye, ndi njinga yatsopano, suti yakuda ndi galamafoni. Ine Sisita anandikaniza, ati palibe wina wotsuka mafilimu. Ndinagula mpango wakumutu wobiriwira, ndinaukulunga bwino m'pepala.

"Akulu, mukapatse Sesiliya. Mukakambe kuti wachoka kwa ine."

"Usadandaule, uzafika," anatero.

Unafikadi. Atabwerako anali ndi mphete pachala.

"Mpango uja anaukonda maningi," anandiuza akumasula katundu. "Anavala pa ukwati wathu. Iwe mng'ono wanga uli nalo diso."

Ndinatuluka panja, ndinakakhala kuseri kwa chimbudzi cha komboni ngati munthu wotsegula m'mimba. Ngati Fabiano ankadziwa za mumtima mwanga, sanaonetse. Ngati sankadziwa, ndiye kuti anali yekha m'Kasenengwa monse. Akuluakulu sananame kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Kuyambira pamenepo nsanje inakhala chakudya changa. Fabiano ankapita kumudzi n'kubwerako atanona, pakamwa pali Sesiliya yekhayekha. Sesiliya walima mtedza munda wonse wa kudambo. Sesiliya wabereka mwana wamkazi, mphuno ngati ya atate ake. Sesiliya akamasinja amaimba nyimbo za kwaya zija. Kumapeto a mwezi ankanditenga kusitolo kuti ndikamusankhire nsalu yotumiza, poti ine ndi amene ndinkadziwa mitundu yomukhala mkazi wake. Ndipo ndinkasankhadi, chitsiru ine, ndinkasankha yabwino kuposa zonse. Ndalama zanga ndinkatumiza kwa amayi, za msonkho ndi za malata, koma mwiniwakene sindinkapitako. Ndinkati ndikaoneko chiyani, mpango wanga pamutu pa mkazi wa mwini?

Kenako Fabiano anayamba kutsokomola. Poyamba ankati ndi fodya. Kenako ndinaona kuti tikamakwera kachitunda kopita kutchalitchi ankaima pakati ngati akumanga chingwe cha nsapato, chonsecho chingwecho chili chomanga kale.

Pa mgodipo panali chizolowezi china chimene tinkachitcha kubwereka chifuwa. Nthawi yojambula anthu apansi ikakwana, munthu amene akudzikayikira ankatuma mnzake wa mapapo abwino, wophika kapena wosesa, kuti akaime pa mbale ndi nambala yake. Azungu nkhope zathu sankazisiyanitsa kwenikweni, ankangoona nambala. Chithunzi chinkatuluka chabwino, wodwalayo n'kubwerera pansi kukadya fumbi lina. Ndinaonapo mathero ake. Munthu wina wa ku Tete amene anabwereka chifuwa anafera m'wodi mwathu ali chikhalire, chifukwa akagona mpweya sunkalowa.

M'chipinda chimene ndinkagona ku komboni, pa msomali, ndinali nditapachikapo chithunzi cha chifuwa changa. Makina akakonzedwa kapena tikasakaniza mankhwala atsopano, Sisita ankandiimika pa mbale kuti ayesere, ndipo chimodzi mwa zithunzi zoyeserazo, chopanda nambala, ndinachisunga. Lamlungu lina titaweruka ku Misa ndinapeza Fabiano wachichotsa pa msomali, akuchiyang'anitsitsa pakhomo pamene panali dzuwa.

"Ichi n'chabwino, eti?"

"N'chabwino."

"Mng'ono wanga, nifuna unibwerekeko chifuwa. Mawa ni tsiku lathu. Sisita akapita ku tiyi, uike nambala yanga, uime iwe. Upeze mnzako wina wa kuchipatala adine batani."

Apa nsanje inandizunguza mutu. Ndikamubwereka, akhalabe kuno kutali ndi Sesiliya, azidya fumbi mpaka limumalize, ndipo palibe angandiloze chala poti wapempha yekha. Ndikamukaniza, amupatsa tikiti, ndipo ndikhala ine amene ndamunyamula ndi manja anga n'kukamuika m'manja mwa mkazi uja, azikadzuka naye tsiku lililonse, ine ndili kuno kununkha viniga. Zonse ziwiri ndinaziona bwinobwino. Koma pamwamba pa zonsezo ndinkaonanso munthu wa ku Tete uja ali chikhalire, maso ali tong'o.

"Akulu, siningachite."

"Iwe, nili na mkazi, nili na mwana. Kumudzi nizadya chiyani? Chibale ni fupa, sichiola."

"Nchifukwa chake nakana. Mukabwerera pansi paja, mvula ya chaka chamawa simuzaiona."

Anaponya chithunzi pabedi. "Ni nsanje chabe! Kuyambira kale sufuna kuti nikupose. Manje wapeza pobwezera."

"Nsanje nili nayo, akulu, yambiri. Koma ikanakhala kuti ndiyo ikulamula lero, bwenzi nakubwerekani."

Sindikudziwa chimene anamva. Anatenga chipewa n'kutuluka.

M'mawa mwake anabwera pamzere ndi anzake. Ndinamuimika ndekha pa mbale, ndinamukweza chibwano, ndinakankhira patsogolo mapewa aja amene anandibereka kuchokera kubusa. "Kokani mpweya! Gwirani pomwepo!" Anakoka, koma anagwira movutikira. M'chipinda chamdima ndinaviika filimu. Chifuwa chachitseko chija chinatuluka choyera mbali zonse, ngati lichero la ufa lagwera m'katimo. Ndinakhala pansi m'menemo mpaka Sisita anagogoda.

Tsiku lonyamuka anabwera kudzatsazika, mkwiyo utamuthera. Anaima pafupi ndi msomali uja akukanda m'mutu.

"Unipatseko ichi. Sesiliya azafunsa chifukwa chake nabwerera. Nizamuonetsa, nikambe kuti adokotala apeza kuti nili bwino, nangotopa nayo nchito ya azungu. Sinifuna ayambe kulira nikali moyo."

Ndinachichotsa, ndinachiika pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike, n'kumupatsa. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Waona, chifuwa cha nkhuku chapeza nchito," anatero.

Zaka zotsatirazo zinali zowawa kuposa zoyamba. Anthu obwera kuchokera kwathu ankandiuza kuti Fabiano sakutha kulima, amangokhala pakhonde kusoka mphasa, ndipo Sesiliya amamutenthetsera madzi, kumusambitsa, kumuphikira phala la mtedza. Anaberekanso mwana wamwamuna. Ine ndikamakuwa kuti "Kokani mpweya" ndinkaganiza za manja amenewo pamsana pa munthu wina. Ndinafika pochitira nsanje munthu wodwala, ine wa mapapo akuda bii amene ndinalibe wondifunsa ngati ndadya. Uthenga wa maliro unandipeza mochedwa, ataika kale. Ndinalira, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Koma ndikulira choncho, kumbuyo kwa mtima kanthu kena kanali katayamba kale kumanga katundu.

Ndinabwerera kwathu Chitaganya chikutha. Ku Fotijemisoni ndinapeza anyamata akuimba nyimbo za ufulu m'misewu, ndipo palibe anacheukira suti yanga. Kumudzi amayi anali atakalamba moti anandizindikira ndi mawu. Ana amene ndinawasiya akukwawa anali atayamba kubusa ng'ombe, ndipo ankandizemba poti anamva kuti ndimaona m'kati mwa munthu. Patangopita masiku ochepa, atate aang'ono anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Nyumba ya mkulu wako ilibe mwamuna," anatero. "Ana aja ni athu. Iwe sunakwatire, ndiye ansembe sangavute. Tifuna ulowe chokolo. Koma masiku ano mkazi timamufunsa. Akavomera, basi."

Ndinayankha kuti ndiganiza, ngati kuti panali china chimene ndinaganizapo zaka zonsezo.

Ndinapita kwa Sesiliya dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinamupeza m'nyumba akusenda mtedza, atavala mpango wobiriwira uja, wosuluka mpaka kuoneka ngati tsamba la fodya. Anali atakula, koma khosi ankaliimikabe monga ankachitira pa kwaya.

"Alamu, munatchona," anatero akundipatsa mpando.

"Nabwera, alamu."

Pamenepo ndinakweza maso. Pa zenera laling'ono loyang'ana kumadzulo, pamene ena amaikapo galasi kapena katoni, panali chithunzi chija, chomangidwa bwino m'timitengo ta nsungwi. Dzuwa linkadutsamo n'kugwera pansi pafupi ndi mapazi ake. Nthiti zonse zinkaoneka, mtima uli pakati, ndipo pamwamba, pa fupa lopingasa pansi pa khosi, panali mfundo yanga.

Ndinati Mulungu wandikumbukira. Mkazi uyu wakhala akudzuka ndi kugona akuyang'ana mtima wanga, osadziwa. Ndikangomuuza, aona yekha kuti zinalembedwa kale.

"Alamu, chithunzi icho munachisunga bwino."

"Nimachipukuta tsiku lililonse. Ana nawauza kuti asachigwire."

"Pali mawu amene nifuna nikambe. Musakhumudwe. Icho si chifuwa cha akulu. N'changa. Chawo chenicheni chinatsala kuchipatala. Zaka zonsezi mtima umene mwakhala muyang'ana apo ni wanga."

Sanaleke kusenda mtedza. Anaswa umodzi, anataya makoko, anaswanso wina.

"Nidziwa," anatero.

"Mudziwa?"

"Amuna anga ninawasambika ine mpaka tsiku lomaliza. Mafupa awo onse niwadziwa, pakuti kumapeto anali mafupa okhaokha. Mfundo iyo analibe. Mfundo iyo ninaiona pa inu tikali ku kwaya, kolala ya shati ikatseguka. Tsiku lomwe anafika nacho ninadziwa."

Anaiona mfundo yanga tikali ku kwaya! Ndinasendeza mpando.

"Nanga munachisungiranji?"

Apa anaika lichero pansi n'kuyang'ana pa zenera.

"Munthu uja mpweya unali kumuthera. Koma ananyamula ichi kuchoka ku Halale, pa lole, pa bwato, osachipinda olo pang'ono, kuti ine nisalire. Anaima pamene mwakhala apo, anachikweza ku dzuwa, nati, 'Ona, Sesiliya, nili bwino.' Ananama akumwetulira. Ine ninavomera, ndipo tinakhala nalo bodza lathu mpaka anapita. Nikayang'ana apo niona iye, alamu, waima na bodza lake m'manja. Inu sinikuonani."

Ndinasowa poika maso. Panja mwana wamwamuna uja ankathamangitsa nkhuku, akuseka mokweza ngati atate ake.

"Anthu ochoka kumigodi ananiuza kuti anakupemphani chifuwa, munakana," anapitiriza. "Zikomo. Mukanavomera, sakanabwerera wamoyo, ndipo mwana uyo sakanabadwa. Chimenecho sinizaiwala. Koma za chokolo, akuluakulu akanifunsa nizakana. Nati mumve kwa ine mwini, musamve pabwalo."

Ananena mofatsa, mopanda chipongwe, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanandinyoza bwenzi nditapeza pogwira. Ndinaimirira, chipewa chili m'manja, ndipo mkwiyo wa zaka zonse unandibwerera. Mtedza wanga Fabiano anadya, mpango wanga anakwatira nawo, ndipo tsopano nthiti zanga zomwe, mtima wanga womwe, zinali zake.

"Ndiye munibwezere chifuwa changa," ndinatero.

Anatolanso lichero n'kuliika pamiyendo.

"Ine simunanibwereke kanthu, alamu. Kaitanitseni kwa amene munamubwereka."

Ndinatuluka. Sindinapite kwa amayi, ndinalunjika kumanda. Manda ake sanavute kupeza, anali olambulidwa bwino kuposa ena onse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chala chili pa mfundo yanga. Koma Fabiano ndinkamudziwa kuyambira kubusa. Chinthu akatenga kwa ine sankabweza.